Masiku Chikwi Opanda Ngozi

Nkando, Mulanje
4 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Lenard,

Choyamba ndifuna ndimve za moyo wanu, inu ndi alamu anga a Annette pamodzi ndi ana. Chifuwa chija chinatha? Musamatuluke m'mawa opanda juzi, ku Limbe kumazizira ngakhale mwezi uno. Kuno ana ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Ndalemba kalata chifukwa foni ndilibe. Mukudziwa kuti yanga inapita ndi madzi a namondwe Freddy, ndipo ya alamu anu inafa mwezi watha. Kalatayi ndapatsira a Anthony, dalaivala wa minibasi yoyera ija, akusiyirani pageti pa ofesi yanu. Mukhululuke malembedwe anga, ndi a Sitandade 4.

Alamu anu a Yosefe avulala Lolemba kuntchito, kumagetsi kuja ku mtsinje wa Nalusi. Ankatsitsa mgolo wa oyilo pamasitepe opita ku nyumba ya makina, iwo ndi anzawo awiri. Chingwe chinaduka. Mgolo unawaponda phazi lakumanzere, kenako unagubuduka mpaka kukaphulika pamwala m'mphepete mwa madzi. Oyilo yense analowa mumtsinje. Akuti amayi a kumunsi akachapa, zovala zikutuluka zamafuta, ndipo tinkhanu tayandama takufa.

Phazilo ndaliona ndi maso anga. Lang'ambika pamwamba kuyambira pa chala chachikulu mpaka pakakolo. Ku kiliniki ya kampani anawasoka ndi kuwapatsa mapilitsi oyera.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti Lachiwiri m'mawa galimoto ya kampani inafika pakhomo pathu penipeni. Osati lole ija amakwerera pasiteji ayi, koma yaing'ono yoyendera mabwana. A Thomson, kapitawo wawo, anatsika n'kuwabereka kumsana mpaka m'galimoto. Lero abweranso. Akuti kuntchitoko sakugwira kanthu. Amasaina m'buku, kenako amawakhazika pampando m'nyumba yosungira zida, phazi pabokosi, n'kumawerenga mabawuti. Madzulo amawabweza.

Anthu pamudzi pano akuti tili ndi mwayi, kampani ina ikanangowataya. Nanenso ndikuona kuti ndi ulemu. Koma kodi munthu wovulala chonchi sayenera kugona pansi?

Inu muli ku ofesi yaikulu ya kampani yomweyi, ndipo munandiuza kuti ntchito yanu ndi kusonkhanitsa manambala a ngozi, a madzi ndi a mitengo. Ndiye nkhani ya alamu anu mwaiona? Alemba kuti chiyani? Ndiuzeni zoona. Ine ndikuopa mwendowu.

Ndine chemwali wanu,
Eneles

Limbe
9 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali,

Kuno tonse tili bwino. Chifuwa chinatha mu Julaye, ndipo juzi ndimavala, musadandaule. Pepani kwambiri ndi za alamu. Muwauze kuti ndawapatsa moni. Ndatumiza sopo ndi shuga kudzera kwa a Anthony omwewo.

Nditangowerenga kalata yanu ndinatsegula lipoti la ku Nalusi la mlungu watha. Ndikufotokozereni momwe timawerengera, mwina mtima ukhala pansi.

Ngozi timaziika m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi imfa. Lachiwiri ndi ngozi yojombetsa, kutanthauza kuti munthu wavulala mpaka walephera kubwera kuntchito tsiku lotsatira. Lachitatu ndi yofuna dokotala, koma munthu osajomba. Lachinayi ndi yaing'ono, yongotsuka ndi kumanga bandeji. Miyezi itatu iliyonse ndimatenga ngozi zojombetsa n'kuziyerekeza ndi maola onse amene anthu agwira ntchito, kuti tione ngati malo athu ali otetezeka. Ndimalembanso chiwerengero cha antchito, amuna ndi akazi, madzi amene tagwiritsa ntchito, oyilo amene watayika ndi mitengo imene tabzala. Lipotilo limapita kwa anthu akunja amene anathandiza kumanga makina aja. Si zinthu zongolemba m'mutu ayi, chilichonse chimasainidwa ndi anthu atatu.

Pa 2 Seputembala ku Nalusi alemba zinthu ziwiri. Oyilo malita 200 watayikira mumtsinje, ndipo nkhani imeneyi yatenga masamba anayi. Chachiwiri ndi mzere umodzi: wantchito wa kontilakitala wachekeka phazi, gulu lachinayi, wabwerera kuntchito. Mukuona? Bala likanakhala loopsa sakanaliika pamenepo. Anthu amene amalemba zimenezi anaphunzira ntchito yawo.

Achemwali, ndimakudziwani. Mukukumbuka mmene munathamangira ndi mwana wanu Favour mpaka kuchipatala cha Mission chifukwa anameza njere ya lalanje? Nanga ulendo uja munakhala masiku awiri osadya, poganiza kuti ine ndafa pa ngozi ya basi ya ku Mzuzu, pomwe ndinali ku Zomba? Magazi amaopsa m'maso, koma phazi limapola. Muziwasinthira bandeji, amwe mapilitsi, ndipo inu muzidya.

Za galimoto, ndi lamulo labwino. Munthu wovulala pang'ono amapatsidwa ntchito yopepuka kuti asataye malipiro a tsikulo. Musawakanize.

Ndine mchimwene wanu,
Lenard

Nkando
16 Seputembala 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kalata yanu ndinalandira Lachitatu, ndathokoza sopo ndi shuga. Nkhani ya njere ya lalanje ndinaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha.

Phazi latupa moti ngakhale patapata sakulowa. Pamene anasoka paja pakutuluka madzi achikasu, ndipo pali fungo. Ndikachapa bandeji, ntchentche zimanditsatira mpaka pachingwe. Bambo wa ku kiliniki akuti ndi mmene bala limapolera. Wawonjezera mapilitsi ofiira.

Lachisanu ndinakakamira, ndinakwera nawo galimoto. Pageti ndinaona bolodi yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi, yobiriwira. Mlonda amasintha nambala m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo inali 972, ndiye kuti lero ndi 975. Akuti ndi masiku amene adutsa popanda ngozi. Ndinamufunsa mlondayo kuti, "Nanga amuna angawa si ngozi?" Iye anayang'ana kuphiri n'kunena kuti, "Mayi, ine ndimangopachika manambala."

A Thomson ndi amene anandifotokozera. Bolodi ikafika 1,000, pa 11 Okutobala, kubwera alendo akunja, kuphedwa ng'ombe, ndipo wantchito aliyense alandira thumba la feteleza. Onse pamodzi alipo 84. Koma munthu mmodzi akangogonekedwa kuchipatala, kapena dokotala akamulembera pepala loti apume, bolodi ibwerera pa 0. Anati, "Mlamu, tapirirani milungu inayi yokha. Ife tiziwanyamula ngati mkwatibwi, sadzaponda pansi." Ndipo n'zoona anzawo akuwasamala. Amawagulira mandasi, amasinthana kuwabereka popita kuchimbudzi, amawatcha "Bwana Mabawuti". Alamu anu amaseka nawo.

Titabwerera ndinawauza kuti tipite ku Mulanje Mission. Anakana. Anati, "Mayi a Favour, mukufuna ndidzayende bwanji pamsika pa Nkando, mabanja 84 atalephera feteleza chifukwa cha phazi langa? Mvula ili pafupi. Mwauona mtengo wake chaka chino?"

Tsiku lomwelo kumtsinje ndinaona anthu atatu ovala zoyera akutunga madzi m'timabotolo, n'kumalemba pa kabotolo kalikonse. Akuti amabwera kawiri pamlungu kudzayeza ngati oyilo watha. Ndinadziuza mumtima kuti mtsinje uli ndi madokotala atatu, pomwe phazi la alamu anu lili ndi bambo mmodzi wa bandeji.

Mwina ndi mantha anga aja. Koma inu mukudziwa magulu anayi aja. Ndiuzeni, achimwene, kodi gulu lachinayi limanunkha? Mukanena kuti ndiwatengere kuchipatala, ndiwatengera ngakhale akalipe, chifukwa inu amakumverani. Mukanena kuti ndidikire, ndidikira.

Alamu anu andipeza ndikulemba, ndipo akuti nawonso aikemo mawu awo kuseriku.

Eneles

Alamu,

Moni. Musatenge zonse zimene alemba achemwali anuwa, mukuwadziwa. Phazi likupweteka inde, koma si loyamba kupweteka padziko pano. Ine ndinathyola tiyi zaka khumi ndi chimodzi, ndinalumidwapo ndi njoka m'munda, ndipo palibe tsiku limene galimoto inabwera pakhomo panga.

Ntchitoyi munandipezera ndinu. Sindikufuna kukuchititsani manyazi, komanso sindikufuna kukhala munthu amene anagwetsa bolodi. Anyamatawa ali ndi ana. Chonde musalankhule kanthu ku ofesi kwanuko. Pa 12 Okutobala m'mawa ndidzapita ndekha ku Mission, ndalonjeza.

Mukadzabwera pa Khirisimasi mudzapeza chimanga chili m'mawondo.

Ndine mlamu wanu,
Yosefe

Limbe
21 Seputembala 2024

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza dzulo. Sindikhalitsa pa moni. Ayi, gulu lachinayi silinunkha. Atengereni alamu ku Mission lero lomwe, tsiku limene mwalandira kalatayi. Galimoto ya kampani ikabwera musawalole akwere. Akakalipa, muwaonetse kalatayi kuti ndanena ndine. Ndaikamo ya thiransipoti.

Ndinakulakwirani. Ndinawerenga mzere umodzi uja n'kuukhulupirira kuposa maso anu. Bala losokedwa siliyenera kukhala m'gulu lachinayi n'komwe. Ndipo galimoto ija si ulemu. Lamulo lathu limati ngozi yojombetsa ndi imene munthu walephera kufika kuntchito. Ndiye munthu akafika, ngakhale atafika pamsana pa mnzake, n'kusaina m'buku, papepala sanajombe. Mabawuti amene akuwerenga aja palibe amene akuwafuna. Chimene akufuna ndi dzina lawo m'buku m'mawa uliwonse. Ndinamvapo kuti kwina amachita zimenezi, koma sindinaganize kuti ndi kwathu, ndiponso kwa mlamu wanga.

Dzulo ndinaimbira a Thomson kawiri kuti andipatse inu. Anati muli kudimba, ndipo alamu akuchira, ayamba kuyenda ndi ndodo. Mwina n'zoona, ndikupemphera kuti zikhale choncho. Koma musadikire.

Alamu, mawu anu ndawawerenga. Simungandichititse manyazi. Feteleza amagulidwa, mwendo sugulidwa. Za bolodi zisiyeni kwa ine.

Mawa m'mawa andituma ku Karonga milungu yoposa iwiri, kukawerenga mitengo imene kampani inabzala chaka chatha kuti tione imene yaphuka. Kumeneko foni imavuta. Ndikabwerera ndidzafikira kwanu. Kalatayi ndikupereka m'manja mwa a Anthony enieniwo, andilonjeza kuti ifika lero masana.

Lenard

Nkando
29 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji? Kodi kwagwa zovuta kumeneko? Lero ndi masiku khumi ndi atatu chilembereni, ndipo yankho palibe. Tsiku lililonse ndimapita pasiteji. Minibasi yoyera sikuoneka, anyamata oitanira akuti mwina a Anthony asintha msewu. Iyi ndapatsira mayi wina wogulitsa nanazi ku Limbe.

Ndaganiza zambiri. Mwina mwadwala ndipo a Annette akundibisira. Mwina kalata yanga inagwera m'manja mwa mabwana anu ndipo ndakuikani m'mavuto. Koma chimene ndikuganiza kwambiri n'chakuti mwatopa nane. Munandifotokozera bwinobwino za magulu anayi, ine n'kubweranso ndi funso lopusa. Ngati ndi choncho, pepani. Inu munapita kusukulu, ine ndinatsala kuti ndizithandiza mayi kumunda, ndipo sindinadandaulepo. Ndikudziwa kuti chikanakhala choopsa mukanabwera kapena kutuma munthu. Ndiye kukhala chete kwanu ndakutenga ngati yankho. Ndikudikira, monga ndinanenera.

Koma ndikuuzeni zimene ndikuona, kuti musadzati sindinanene. Kutupa kwakwera mpaka pansi pa bondo. Zala ziwiri zasanduka zakuda ngati nthochi yopsereza. Thupi limatentha, kenako amanjenjemera masana dzuwa lili pamutu. Sakudya, amangomwa phala pang'ono. Lachinayi anandiitana dzina la mayi awo amene anamwalira kale. Atatsitsimuka anakana kuti sananene.

Galimoto ikubwerabe. Masiku ano a Thomson sandiyang'ana kumaso. Amayala chitenje pampando wa kumbuyo ndipo dalaivala amatsegula mawindo onse. Sanenanso zoti Bwana Mabawuti. Dzulo ndinaima pakhomo n'kunena kuti lero sapita. Alamu anu anati, "Mayi a Favour, yafika 987. Atsala masiku angati? Werengani nokha." Ndinawerenga pa zala. Ndinachoka pakhomo.

Favour wasiya kudyera m'nyumba chifukwa cha fungo, ndipo akuchita manyazi kuti bambo ake azindikira. Chiyembekezo amangofunsa kuti adadi adzasewera naye liti mpira.

Ndimawatsuka ndi madzi a mchere kawiri patsiku. Ngati pali china chimene ndingachite, ndiuzeni. Ngakhale mawu awiri okha, achimwene. Ngakhale okalipa.

Ndine chemwali wanu,
Eneles

Mulanje Mission
6 Okutobala 2024

Achimwene,

Ndikulemba nditakhala pakhonde la wodi ya amuna. Alamu anu ali moyo. Mwendo adula Lachisanu, pamwamba pa bondo.

Ndikuuzeni mmene zinayendera. Lachiwiri pa 1 galimoto sinabwere. Ndinawasambitsa, ndinawaveka, anakhala pampando pakhomo mpaka dzuwa linakwera. Ndinathamangira pasiteji, ndinapeza lole itapita kale. Madzulo a Thomson anabwera wapansi, chipewa chili m'manja. Anati anthu a kontilakitala, monga alamu anu, amalembedwa mwezi ndi mwezi, ndipo pa mndandanda wa Okutobala dzina la a Yosefe palibe. Anati iwo sanadziwe, anangoona papepala.

Ine ndinayamba kulira. Koma alamu anu anafunsa kuti, "Ndiye kuti tsopano ndikagonekedwa, bolodi siigwa?" A Thomson anati siigwa, chifukwa si wantchitonso. Alamu anu anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Basi, mayi a Favour, mawa tipite kuchipatala kwanu kuja."

Lachitatu tinawakweza minibasi. Anthu anatsikamo awiri chifukwa cha fungo. Kuno anatilandira msanga. Dokotala wake ndi mayi, wamng'ono kwa ine. Atamasula bandeji anandifunsa mofatsa kuti, "Mayi, anavulala liti?" Nditanena kuti pa 2 Seputembala, anati, "Nanga mwezi wonsewu munali kuti?" Ndinati anali kuntchito. Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. Anayesa masiku awiri ndi mankhwala a m'diripi. Lachisanu anandiitana n'kundiuza kuti tisankhe, mwendo kapena munthu. Anatinso tikanabwera milungu iwiri yapitayo mwina akanangochotsa zala zokha. Ndinasaina ndine.

Dzulo a Anthony anabwera kuno akundifunafuna, kalata yanu ya pa 21 ili m'manja. Akuti tsiku lomwe munawapatsa, minibasi inafera ku Bangwe, ndipo yakhala ku galaja milungu iwiri. Kalata anaiika kuseri kwa chotchingira dzuwa n'kuiwala. Anagwada pansi pakhonde pano, bambo wamkulu ngati uja. Ndinawauza kuti adzuke. Ndalama zanu zonse zilimo.

Ndaiwerenga kanayi. Munalemba kuti lero lomwe. Ndawerenga pa zala kuchokera pa 21 kufika Lachitatu lija, ndi masiku khumi ndi limodzi. Ndiye kuti simunatope nane. Ine ndinkadikira mawu amene anali atalembedwa kale, ali m'galimoto yakufa.

Alamu anu sindinawaonetse. Akagona amakanda pabedi pamene panali phazi, akuti likuyabwa.

Sindikudziwa ngati mwabwerako ku Karonga. Mitengo yaphuka?

Eneles

Limbe
10 Okutobala 2024

Achemwali,

Ndafika dzulo ndipo makalata anu awiri ndawapeza pamodzi kwa mlonda. Ndinawerengera pageti pomwepo. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Kuchokera ku Limbe kufika pa Nkando ndi ola limodzi. Loweruka lija la pa 21 ndikanakwera ndekha minibasi m'malo mopereka pepala. Ndinaopa kuchedwa ulendo wa mitengo. Mitengo yake ndawerenga, 4,120, yamoyo 2,906. Nambala imeneyo ndili nayo bwinobwino.

Lero m'mawa ndinalowa mu ofesi ya abwana anga ndi makalata anu. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati n'zomvetsa chisoni. Kenako anatsegula buku la malamulo a kawerengedwe. Alamu anasaina masiku onse a Seputembala, ndiye sanajombe. Pamene ankagonekedwa anali atachoka kale pa mndandanda, ndiye si wantchito wathu kapena wa kontilakitala. Abwana anati, "Lenard, malinga ndi njira yathu, nkhaniyi ili kunja kwa malire a lipoti." Ndinafunsa kuti nanga mwendowo unadulidwa chifukwa cha mgolo wa yani? Anati ndikapume, ndatopa ndi ulendo.

Lipoti la Julaye mpaka Seputembala lili patebulo panga. Liyenera kutumizidwa pa 18. Oyilo malita 200 ndinalemba kale ndi dzanja langa, pamodzi ndi zotsatira za timabotolo tija, zonse khumi. Pa bokosi la ngozi zojombetsa pali 0. Patsala kuti ndisaine pansi. Bokosilo ndingathe kulisintha ndi kulemba chifukwa chake, chifukwa lipoti limatuluka pa kompyuta yanga. Koma likangotuluka adzadziwa kuti ndine. Sindikubisirani, achemwali, ndikuopa. Nyumba ino ndi ya lendi, ana ali pasukulu, ndipo ntchito ngati iyi sindingaipezenso msanga. A Annette akuti ndichite zimene mtima wanga ukunena, koma ndinawaona akupukuta m'maso.

Mawa mabwana onse akupita ku Nalusi kuchikondwerero. Anandiika pa mndandanda, ndakana. Loweruka ndikubwera ku Mission. Sindikudziwa kuti alamu ndidzawayang'ana bwanji.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka mantha anu. Ulendo uno inu ndi amene munayeza bwino.

Mchimwene wanu,
Lenard

Mulanje Mission
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira munafika bwino Loweruka. Munanyamuka osadya, ndipo ndinaona kuti mwaonda. Muzidya. Ndathokoza ndodo zoyendera zimene mwalipira kwa akalipentala a ku Chitakale, akuti zikhala zokonzeka Lachinayi.

Pamaso pa alamu anu sindinathe kulankhula, n'chifukwa chake ndalemba. Iyi ndapatsira a Anthony, ndipo akuti aisunga m'thumba la malaya mpaka aiike m'manja mwanu.

Dzulo titatuluka m'mapemphero kunabwera a Thomson ndi anzawo anayi. Anabwera ndi thumba la feteleza losokedwa ndi chingwe pakamwa. Akuti popeza dzina la alamu anu silinali pa mndandanda, munthu aliyense anatapa mbale imodzi m'thumba lake mpaka linadzaza. Anabweretsanso tisheti yobiriwira, yolembedwa kumsana kuti masiku 1,000 opanda ngozi. A Thomson anaiika pabedi, kenako anaona pamene bulangete laphwa, ndipo anaichotsa msanga n'kuibisa m'jekete. Anatuluka panja. Ndinawapeza atatsamira khoma akulira. Anati, "Mlamu, achimwene anu atandiimbira ndinanama. Ndinkati atsala masiku ochepa." Sindinawatukwane. Nanenso ndinawerenga masiku omwewo pa zala n'kuchoka pakhomo.

Alamu anu anangofunsa funso limodzi: "Inafika?" Anzawo anati inafika, alendo anaomba m'manja, anajambulitsa pabolodi. Anafunsanso kuti, "Onse alandira?" Anati onse. Iwo anati, "Chabwino," n'kutembenukira kukhoma. Madzulo anandifunsa kuti feteleza ameneyu adzathira ndani.

Lero bolodi ija ili pa 1,003. Mawa m'mawa lole inyamulanso anthu pasiteji. Mgolo wina udzatsika masitepe omwe aja. Ndipo tsopano onse aona kuti munthu akavulala, umamubereka kumsana, asaine.

Achimwene, za ntchito yanu ndaganiza mpaka mutu kupweteka. Ndaganiza za lendi, za ana, za a Annette. Mukudziwa kuti ine ndimaopa chilichonse. Ndikuopa kuti akuchotsani ndipo mudzandida. Ndikuopa kuti alamu anu akadzamva adzakalipa. Ngati simungathe, sindidzakutayani, mudzakhalabe mchimwene wanga ndi malume wa ana anga. Koma mwezi wathawu ndinakhala chete chifukwa choopa kuoneka wopusa, ndipo mwaona chimene chatsala pabedi paja. Ndiye ulendo uno ndinena.

Feteleza alandira kale, palibe amene akawalande. Oyilo munamulemba. Tinkhanu munatiyeza. Mitengo ya ku Karonga munaiwerenga umodzi umodzi, yamoyo ndi yakufa. Sindikupempha kuti muwonjezere kanthu kapena munamize munthu. Pa 2 Seputembala mwamuna wanga anavulala kuntchito, ndipo sadzayendanso ndi miyendo iwiri. Mulembe m'bokosi lija.

Ine za maola ndi magulu sindizidziwa. Koma nambala imeneyi anatiphunzitsa tsiku loyamba, pansi pa mtengo, tikulemba ndi chala pa dothi. Ndakulemberani pansipa kuti pa 18, mukakhala patebulo panu, ikhale pafupi.

Ndine chemwali wanu,
Eneles

1